Chithunzi Chimene Ananyamula Amalume

Rotherham, 11 Juni 2023

Okondedwa amayi,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi mng'ono wanga Edwina ndi onse a pamudzi. Ine kuno ndili bwino, kungoti msana ukudandaula ndi mashifiti. Ku nyumba ya okalamba kumene ndimagwira kuli agogo ena achizungu amene m'mawa uliwonse amandifunsa ngati ku Malawi kukugwa mvula. Ndikawayankha amaiwala, mawa afunsanso. Muzindiuzako za nyengo kuti ndisamawanamize.

Ndalemba pa pepala monga munalamulira, poti munati nkhani za banja sanena pa voisi ngati wotsatsa tomato. Ndijambula tsambali, Edwina akuonetsani pa foni yake. Ngati mwasenza ndowa tulani kaye, mukhale pansi.

Amayi, ndapeza banja! Dzina lake ndi Lyton, kwawo ndi ku Zomba. Anabwera kuno kudzaphunzira, pano amagwira ntchito ya makompyuta ku Bradford. Tinadziwana ku tchalitchi tsiku lina nditachokera ku ntchito ya usiku, ndikuwodzera pa nthawi ya ulaliki mpaka mutu kugwera pa phewa lake. Iye sanasunthe mpaka amen. Ndi munthu wofatsa, mowa sadziwa, mbale amatsuka yekha osachita kuuzidwa. Musaseke, kuno n'zotheka.

Abusa athu akuti ukwati adalitsa mu Disembala, koma sangatero chinkhoswe chisanachitike kumudzi. Akuti aona maukwati ambiri a kuno akutha ngati makatani chifukwa chosowa owakhalira pakati, ndiye iwo popanda mawu a ankhoswe a mbali zonse ziwiri sayatsa ngakhale kandulo. Vuto ndi lakuti ife sitingabwere. Viza yanga ndi yomangiriridwa ku ntchito, ndipo abwana akuti tchuthi chachitali palibe mpaka chaka chamawa. Kodi sizingatheke kuti mwambowu uchitike ife kulibe?

Tsopano nkhani yovuta. Mukawapemphe amalume a Gibson kuti akhale nkhoswe yanga. Ndikudziwa, amayi, ndikudziwa. Koma mlongo wanu ndi mmodzi yemweyo, wina tikam'gula kuti? Lyton ndinamuuza zonse, kuti amalume anali phungu wa dera lathu, kuti khoti linawapeza olakwa pa ndalama za mijigo, anakhalako kundende n'kutuluka. Iye anangoti banja lililonse lili ndi wake. Kwawoko nkhoswe ndi amalume ake, a Hudson, amene anapuma pa uphunzitsi.

Amalume akakana ndiye kuti Disembala wandiphonya, ndipo ine zaka zikupita, amayi. Munthu ameneyu ndimam'konda zedi. Mundiyankhe msanga.

Ndine mwana wanu,
Ennie


Kwa Kalichero, 25 Juni 2023

Ennie mwana wanga,

Moni wako tinalandira. Kuno tonse tili bwino, kupatula mawondo angawa amene ayamba kulira ngati chitseko cha nkhokwe. Uwauze agogo akowo kuti mvula kulibe, kuli mphepo ya Juni yolowa mpaka m'mafupa.

Ndowa sindinatule, ndinachita kuiponya! Ndinaimba nthungululu mpaka nkhuku zinabalalika, aneba athu a Nangondo anathamangira kuno kuyesa kwagwa zovuta. Mwanawe, unandilinditsa. Ndinayamba kuganiza kuti ukwatiwa ndi basi imene umakwera tsiku lililonse ija.

Kwa amalume ako ndinapita Lachinayi. Ndinawapeza pakhonde atavala tayi, akuwerenga nyuzi ya sabata yatha. Nditangotchula za unkhoswe anadzuka, anayenda uku ndi uku manja kumbuyo, akuti nkhani yotere ndi yofunika kuilingalira mozama. Sindinafike n'pamsewu pomwe, ndinangomva akundikuwira kuti alingalira, avomera. Usawaone choncho, Ennie. Chitulukire kundende palibe amene wawaitanapo kuti akayankhule pagulu, ngakhale pa maliro amawapatsa mpando wakumbuyo. Foni ya WhatsApp anasiya chifukwa cha matukwano a m'magulu, pano ali ndi ka mabatani. Chokhacho chimene sichinawataye ndi penshoni. Mwezi ukatha imalowa ngati kale, amakatenga ku boma nsapato zili phuliphuli.

Ife madzi tikutungabe kudambo. Pamene panayenera kukhala mjigo wathu pali mwala wa maziko uja, dzina la amalume ako lili pomwepo, mbuzi zimakandirapo msana. Koma zimenezo tisiye, chibale ndi fupa sichiola.

Za kusabwera kwanu usadandaule. Masiku ano ana a kunja timawachitira chinkhoswe ndi chithunzi. Kwa a Nangondo anatero chaka chatha ndi mwana wawo wa ku Joni. Amakuza chithunzi cha awiriwo, kuchiika mu fulemu, n'kuchifunditsa chitenje monga timafunditsira mkwatibwi kuti akuchimuna am'loze. Akaloza, nkhoswe ya kuchikazi imavundukula n'kuchinyamula kuti anthu onse aone, kenako ankhoswe amasinthana tambala ndi thadzi. Nkhuku zikasinthana manja basi, banja lamangidwa. Zikapanda kusinthana ndiye kuti anthu angodya mpunga waulere.

A Hudson tinayankhulana nawo, ndi munthu woseka kwabasi. Tagwirizana za Loweruka loyamba la Sepitembala. Chotsala ndi chithunzi. Utumize msanga, muli awiri, nkhope zioneke bwino. Ndikukudziwa iwe ndi chizengerezo chako, paja zengerezu adalinda kwawukwawu.

Ukapeza wobwera unditumizireko mankhwala opaka aja a mawondo, aja otentha.

Ndine mayi ako,
Esnath


Kuchokera kwa Olemekezeka Gibson Chikhutu, phungu wakale
3 Julaye 2023

Wokondeka Ennie,

Ndikupereka moni kwa iwe ndi kwa mkamwini amene sindinamuone. Kalata ino ndatumiza pa positi, ndi sitampa, monga amachitira anthu ophunzira. Izi zojambula mapepala pa foni ndazisiyira amayi ako.

Pempho lako linandifika ndipo nditalilingalira mozama ndalivomera. Iwe ndiwe mbumba yanga. Unabadwa ndikuona, dzina ndinakupatsa ndine, choncho palibe wina angaime pabwalo m'malo mwanga ine ndili moyo. Ndayamba kale kukonza mawu odzayankhula. Thadzi wodzapereka ndasankha ndekha, wakuda wonenepa, ndipo ndalamula kuti azidya madeya payekha.

Pali mfundo ziwiri. Yoyamba, masuti anga onse andikulira. Kumene ndinapita kukapuma kuja chakudya chake sichinali chonenepetsa. Unditumizire suti ya ku Ingalande, yabuluu, kuti a ku Zomba adziwe kuti abwera pa khomo la anthu.

Yachiwiri ndi yokhumudwitsa. Ndamva pa wailesi kuti kuli Amalawi ena kunjako amene akusonkhanitsa mayina, akuti akapemphe nyumba ya malamulo ikhazikitse lamulo loti aliyense wosankhidwa ndi anthu akapezeka wolakwa pa katangale azilandidwa penshoni. Taona nkhanza zake! Munthu walipira kale ndi thupi lake, udzudzu wam'dya, nsikidzi zam'dya, ndiye afe ndi njala pa ukalamba? Anthu amenewa akudya soseji kunjako, sadziwa kuti phungu amagula mabokosi a maliro angati pa chaka. Ngati ukuwadziwa uwauze kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Iweyo utalikirane nawo, ndinakulera bwino.

Suti ikhale ya mabatani awiri.

Amalume ako,
Olemekezeka G. Chikhutu


Rotherham, 23 Ogasiti 2023

Amayi,

Moni ndipereka pomaliza, pano mtima uli m'mwamba. Edwina, ukangoona kalata ino thamanga nayo kwa amayi, usayambe wapita kumsika.

Kalata ya amalume yafika dzulo. Dzulo, amayi! Inalembedwa kumayambiriro kwa Julaye, kaya inadzera ku Cairo wapansi. Ikanafika msanga mwina ndikanachenjera. Anthu osonkhanitsa mayina amene amalume akuti nditalikirane nawowo, amayi, ndife. Mlembi wake ndi Lyton. Ine ndi amene ndimayenda ndi mapepala m'matchalitchi a ku Wakefield ndi ku Leeds ndikaweruka. Sindinakuuzeni chifukwa ndinkati chinkhoswe chidutse kaye.

Loweruka lapitali tinakumana pabwalo la pakati pa tauni ku Bradford kuti titseke kalembera. Kunali kosangalatsa, musanene. Anzathu a ku Zambia anabwera kudzatithandiza kuimba, mnzanga Namukolo anaphika mandazi, azungu odutsa ankaima n'kumavina osadziwa kuti tikuimba chiyani. Ndiye wina anatijambula ine ndi Lyton titanyamula chikwangwani. Chalembedwa m'Chingerezi, zilembo zikuluzikulu zofiira, tanthauzo lake ndi lakuti wakuba za boma asadye penshoni. Ndipo ine mwini, ndi manja angawa, ndinajambulapo kamjigo m'munsi mwake. Ndinkaganiza za mawondo anu, sindinaganize za foni za anthu.

Pofika Lamlungu chithunzicho chinali chitazungulira magulu onse a WhatsApp. Mnzanga wa ku Lilongwe wanditumizira, akuti watchuka mtsikana. Chonde, chonde, amalume asachione mpaka nkhuku zitasinthana. Mwayi wake ali ndi foni ya mabatani. Muwauze a Nangondo ndi onse a mafoni kuti atseke pakamwa, ndidzawagulira zitenje.

Chithunzi chenicheni cha chinkhoswe ndi ichi ndatumiza pamodzi ndi kalatayi. Pepani ndachedwa nacho. Ine ndikaweruka Lyton amakhala akulowa, ndipo zimene tinkajambulana pa siteshoni ndinkaoneka ngati ndadwala malungo. Ichi tajambulitsa ku situdiyo, ine ndavala chitenje chija munandipatsa, Lyton wavala tayi. Chimenechi ndiye mukuze.

Suti ya amalume ndi mankhwala anu ndinapatsira amayi ena a ku tchalitchi amene ananyamuka sabata yatha, akasiya kwa abusa a kwanuko. Sutiyo ndinaipeza mu shopu ya zovala zakale, koma zimenezo asadziwe.

Edwina, bwanji mauthenga anga akungoonetsa kachizindikiro kamodzi? Yatsa foni, iwe!

Moni kwa nonse.
Ennie


Kwa Kalichero, 4 Sepitembala 2023

Ennie mwana wanga,

Tili bwino, kaya iwe ndi bambo a kwathu a Lyton. Mankhwala ndinalandira, akutentha bwino. Usadabwe nambala yachilendo, ndabwereka foni ya aphunzitsi aakulu. Ya Edwina inagwera m'chitsime cha kudambo masabata awiri apitawo akutunga madzi ofululira thobwa la chinkhoswe chako. Anaivuula, anaiika mu mpunga, koma inafa basi. Ngati unalembako kanthu masiku amenewa sitinaone.

Chithunzi tinadikira mpaka maso kuchita mdima. Mwamwayi, foni isanamire, Edwina analandira china pa gulu la kwaya, uli ndi Lyton, mukuseka nonse mano ali mbee. Ndinati ichi chomwechi. Tinapita nacho kwa wojambula wa pa sitolo, anachikuza kufika m'chiuno mwanga, fulemu yagolide. Munanyamula kachikwangwani kenakake ka Chingerezi, ndinati mwina ndi vesi.

Tsono tamvera za Loweruka. Anthu anabwera, mwanawe, mpaka ena kukwera mu mtengo wa mango. A ku Zomba anafika pa minibasi atanyamula khasu, nkhwangwa ndi tambala wofiira wamkulu ngati mwana wa mbuzi. Amalume ako anatulukira mu suti yabuluu, manja a jekete atapitirira zala, akuyenda ngati abwera kudzatsegulira mlatho. Anayankhula mpaka mpunga kuzizira. Anatchulamo chitukuko kangapo, anthu n'kumangoyang'anana.

Itakwana nthawi yolozetsa tinatulutsa mafulemu atatu ofunditsidwa zitenje. A Hudson analoza yoyamba, kuvundukula, kalendala ya feteleza! Anthu kuseka, iwo kulipira chindapusa. Analoza yachiwiri, timu ya mpira ya pasukulu. Kulipiranso uku akupukuta misozi ya phwete. Yachitatu amalume ako anati ayi, mwana wanga ndivundukula ndekha. Anaima kumbuyo kwa fulemu, anakoka chitenje, n'kuinyamula pamwamba pa mutu, nkhope zanu zitayang'ana kwa anthu, iwo akuona thabwa la kumbuyo.

Poyamba anthu anapenyetsetsa zilembo zofiira za pa chikwangwanicho. Kenako anyamata a sekondale anayamba kuwerenga mokweza, aphunzitsi anagwira pakamwa, wina anakuwa kuti taonani mjigo! Ennie, phokoso limene linabuka pamenepo sindinalimvepo chibadwire. Nthungululu, malikhweru, ng'oma, amayi kuvula mipango kumakupiza. Amalume ako anayesa kuti anthu awakumbukira. Nkhope inawala ngati nthawi ya kampeni, anayamba kuvina nacho chithunzi kuzungulira bwalo lonse, kupita uku, kubwerera uku, kuchikweza kwambiri kuti a mu mtengo aonenso. Anthu akamakuwa kuti zoona, zoona, iwo ankagwedeza mutu kuvomereza. Anazungulira kawiri, thukuta lili kamukamu. A Hudson anakhala pansi m'fumbi ndi kuseka.

Atatopa anatsitsa fulemu kuti aone nkhope ya mkamwini. Anavala magalasi. Ndinaona milomo ikuyenda, akuwerenga. Ng'oma inaleka yokha. Thadzi anali pansi pa mpando wawo atamangidwa miyendo, a Hudson anali atadzuka tambala ali m'manja. Amalume ako anaika chithunzi pansi pang'onopang'ono, anavula magalasi, anayang'ana ine, kenako


Rotherham, 6 Sepitembala 2023

Okondedwa amalume,

Ndikupereka moni mwaulemu, ndagwada. Ndapempha aphunzitsi aakulu kuti akufikitsireni kalata ino pa foni yawo, positi ndiye ndaiopa.

Amayi anandilembera za Loweruka koma tsamba lachiwiri silinafike. Kalata yathera pamene munavula magalasi. Ndaimba kwa aphunzitsi, akuti iwo si a banja, sangayankhule. Lyton waimbira amalume ake, a Hudson angoseka mpaka mayunitsi kutha, chomwe tamvapo n'chakuti mawu a chinkhoswe amanena ndi nkhoswe ya kuchikazi ndipo inu munati muyankha nokha. Chichokere Lolemba chakudya sichikulowa. Dzulo ku ntchito ndinathira mchere mu tiyi wa agogo ena, mwamwayi anati wakoma.

Amalume, ndapalamula. Manyazi amene munawaona pabwalo paja sindinawakonze ine, ndipo ndikaganiza kuti munavina nacho chithunzicho chifukwa chonyadira ine, misozi ikutuluka. Sindinaiwale kuti nsapato zanga zoyamba munagula ndinu, kuti bambo atamwalira munandiperekeza nokha ku sekondale mutasenza sutikesi yanga pamutu, anthu akukuonani. Ndimakukondani, ndipo palibe wina amene ndikufuna kuti adzakhale pakati pa ine ndi Lyton tikadzayambana.

Koma ndikanama ndikati chikwangwanicho anachita kundigwiritsa. Ndinalemba ndekha, mjigo ndinajambula ndekha, ndipo dzina langa pa pempholo sindifufuta. Kuno ndimasambitsa amayi a eni ndi madzi otentha a pampopi, pamene amayi anga akutsetsereka kudambo ndi mawondo aja. Zimandiwawa, amalume. Munthu amene anthu anam'khulupirira ndi voti n'kuwadyera madzi, sindikuona chifukwa choti anthu omwewo azim'dyetsanso mpaka imfa. Ndikanena choncho sindikutchula dzina, koma sindinganamizirenso kuti inu simukukhudzidwa.

Ndiye ndiuzeni chimodzi chokha. Thadzi uja munapereka kapena munabwerera naye? Ngati munabwerera naye ndikawauze abusa asiye kukonzekera za Disembala. Ndidzalira, koma ndidzamvetsa.

Ndine mbumba yanu,
Ennie


11 Sepitembala 2023

Ennie,

Moni ndalandira. Ine ndili bwino, ngakhale kuti pamsika ana akumandiimbira nyimbo yatsopano ndikamadutsa. Ndakulinditsa dala. Nawenso ulaweko kudikira chigamulo, ine ndinalawa kale.

Wandilaula, mwana iwe. Pa moyo wanga ndanyamulapo zikwangwani zambiri, koma chonditsutsa ndekha n'koyamba, ndipo ndinachinyamula bwino kuposa onse a ku Bradford. A Hudson akuti akanakhala ndi mphamvu akanandipatsa mendulo.

Wafunsa za thadzi. Nditawerenga ndinakhala pansi. Mumtima ndinati basi, nditenge nkhuku yanga ndizipita, akafune nkhoswe ku gulu lawo lomwelo. Ndinawerama kuti ndiigwire. Pamenepo amayi ako anabwera ndi beseni, anagwada mwaulemu wonse pamaso pa anthu, mawondo akulira mpaka ine kumva. Anati, achimwene, musanagwire nkhuku sambani m'manja. Ndinayang'ana m'besenimo. Madzi ake ofiirira ngati tiyi wa mkaka, kachitsotso kakuyandama. Ndinati, Esnath, madzi otani awa opatsa munthu pa mwambo? Iye anati, ndi a mjigo wanu uja, achimwene, ena tilibe.

Sanakweze mawu. Woweruza uja anayankhula tsiku lathunthu koma sanandilase choncho. Ine ndi Esnath tinayamwa bere limodzi, ndipo ndinali ndisanayang'anepo madzi amene amamwa.

Ndinasamba. Ndinamasula thadzi ndekha, ndinam'pereka kwa a Hudson ndi manja awiri, iwo anandipatsa tambala. Banja lako lamangidwa, uwauze abusa ako. Uphungu anandilanda ndi mavoti, penshoni ukufuna kundilanda ndiwe, koma unkhoswe sindinaupeze pa chisankho ndipo palibe khoti lingauchotse. Tambala tinadya Lamlungu, anali wolimba ngati tayala.

Usayese kuti ndagwirizana ndi lamulo lanulo. Ndi lankhanza, ndipo likadzafika ku nyumba ya malamulo ndidzalemba kalata ku nyuzi. Za mlandu uja maganizo anga sanasinthe, loya wanga akuwadziwa. Koma ndamva kuti mayina mwasonkhanitsa ambiri, ndipo ine ndale ndimazidziwa, mphepo ikatembenuka ndimaimva m'khutu. Ndiye ndaganiza kuti m'malo moti penshoniyo mudzailande inu, ndiyambe kuithira pansi ndekha. Ndakambirana ndi okumba mijigo, ndagulitsa ng'ombe ziwiri kuti ndilipire ndalama zoyambira, zotsalazo azidula ku penshoni mwezi ndi mwezi. Akumba pa mwala wa maziko pomwe paja, poti dzina lilipo kale, sitingawononge mwala wabwinobwino.

Umuuze Lyton kuti akadzakuvuta mlandu udzafika kwa ine, ndipo pa milandu ya mbumba yanga sindilandira kanthu kwa aliyense. Suti ndi yabwino koma m'thumba ndinapezamo tikiti ya basi ya mzungu wina. Tidzakambirana.

Nkhoswe yako,
Gibson


Kwa Kalichero, 29 Okutobala 2023

Ennie mwana wanga,

Tili bwino tonse, kaya inu kumeneko ndi zokonzekera za Disembala. Uwauze agogo ako aja kuti kuno kukutentha koopsa, mitambo yayamba kusonkhana koma mvula sinagwe. Foni imene unatumizira Edwina yafika, ndamuuza kuti akaigwetsanso alowe nayo limodzi.

Madzi atuluka Lachisanu! Oyera, mwanawe, ochita kuona pansi pa ndowa. Chigalimoto chokumba chinabangula masiku angapo, ana osapita kusukulu, ndiye atangotumphuka madziwo anthu tinavina m'matope ngati abakha. Amalume ako anabwera mu suti ija, anadula riboni imene anagula okha, anayankhula mpaka dzuwa kupendeka. Tinawaombera m'manja ndithu, nanga si madzi tikuwaona. Ine ndinapopa ndowa yoyamba. Kuchoka pa mjigo kufika pakhomo ndi mtunda woti phala silingapserere pamoto.

Chithunzi chija anatenga iwo, akuti ndi katundu wa nkhoswe. Achikhoma pabalaza, koma pa chikwangwanipo amatapo kalendala. Cha ku situdiyo tachiona pa foni yatsopanoyi, n'chokongola, koma Lyton akuoneka ngati wamangidwa.

A midzi yoyandikana nafe ayamba kubwera kudzatunga kuno, poti mijigo imene nawonso analonjezedwa ija sinakumbidwebe. Akufunsa ngati mapepala a mayina angafike kumudzi kuno, akuti nawonso ali ndi zala zodinda. Ndiye inu musaleke.

M'kalata yako wandifunsa kawiri ngati ndinkadziwadi zimene zinalembedwa pa chikwangwani chija. Iwe, ungafunse mayi ako funso lotero? Ine Chingerezi ndinachisiyira pa Sitandade 4, maso nawonso atha. Kungoti Edwina anandiwerengera tili pa mzere kwa wojambula. Wojambulayo anati angathe kudula chikwangwanicho kuti mutsale nkhope zokha, mtengo wake womwewo. Ndinamuuza kuti asadule kanthu, ndipo zilembo aziwonjezere kufiira.

Amalume ako usawauze, ndi nkhoswe yako.

Ndine mayi ako,
Esnath